Galimoto ikamazima mukangochotsa phazi pamoto

Corolla yanga yakale inkangozima ndikaima pamsika wa Kasungu. Yanu ikamatero, musathamangire kumasula kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya), abale. Yambani ndi fyuluta ya mpweya, poti fumbi la njira za ku Chamama limaitseka msanga. Itulutseni, muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, gulani ina.

Kenako lizani injini, mutchere khutu. Mukamva kaphokoso koti tsiii, pali kapayipi ka labala kong'ambika kamene kakulowetsa mpweya mozemba. Langa vuto linali limenelo, kapayipi kochepa ngati chala, koma makaniko wina anali atandigulitsa kale mapulagi anayi! Mapulagiwo aonenibe: akada bii ndi mwaye, ndiye kuti petulo akuchuluka. Wam'zigubu uja ndinaleka kugula, nthawi zina amabwera ndi madzi.