Mphutsi m'mango: zothimitsa majini a ntchentche zafika pati, nanga ife tizitani?

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka kumunsi ku Moatize, mango akayamba kupsa madandaulo amakhala amodzimodzi, kunja bango looneka bwinobwino koma ukalibenthula mkati mphutsi zili nyakunyaku. Nde ambiri mumathamangira pampu kukapopera mtengo onse. Vuto ndi loti mphutsiyo ili mkati mwa chipatso, mankhwala sakuipeza, amene akufa ndi njuchi ndi tizilombo tina tomwe timakuthandizani.

Mphutsizi ndi ana a ntchentche za zipatso. Ntchentche yomwe imavuta kwambiri ndi Bactrocera dorsalis, kwawo ndi ku Asia, mu Africa inaoneka koyamba ku Kenya mu 2003 ndipo muno mu Mozambique anaipeza ku Cuamba, chigawo cha Niassa, mu 2007. Palinso yathu yakale Ceratitis cosyra. Yaikazi imaboola khungu la chipatso nkuikira mazira, pakapita tsiku limodzi kapena awiri aswa, mphutsi zidya mkatimo kwa sabata ndi masiku, chipatso chigwa, zituluka nkulowa m'dothi, kenako zituluka zili ntchentche. Kukatentha ngati mmene kumatenthera kuchigwa cha Zambezi, ulendo onsewu ndi masabata atatu basi.

Tsono pali njira yatsopano yomwe asayansi akulimbana nayo, amati RNAi, kuthimitsa jini. M'thupi la chamoyo chilichonse muli majini (genes), timalangizo timene chimatengera kwa makolo ake, ndipo jini ikafuna kuti thupi lipange chinthu imatumiza uthenga, tinene ngati kalata yochoka kwa amfumu kupita kwa anthu ogwira ntchito. Asayansi amapanga kanthu kotchedwa dsRNA kofanana ndendende ndi kalata imodzi yokha, kachilombo kakadya, thupi lake lomwe limayamba kung'amba kalata ija, ntchito ija imaima. Mukasankha jini yofunika kuti kakhale moyo kamafa, mukasankha ya mazira kapena umuna kamaleka kubereka. Anatulukira zimenezi ndi Andrew Fire ndi Craig Mello mu 1998 pofufuza kanyongolotsi kakang'ono, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya Nobel.

Ine chimene chimandikopa ndi kusankhako. Akaipanga mosamala imagwira mtundu umene wafunidwa, njuchi nkutsala, komanso dsRNA imaonongeka msanga padzuwa ndi m'dothi, sikhalitsa pachipatso ngati mapoizoni ena aja. Ndipo yopoperayi sisintha mbewu yanu ayi. Si maloto, ku America mu December 2023 boma linavomereza mankhwala oyamba opopera a mtundu umenewu, dzina lake Calantha, a kachikumbu kodya masamba a mbatatesi.

Koma apa ndiye mumvetsetse, amenewo ndi a chikumbu, osati ntchentche. Zikumbu zimagonja msanga ndi dsRNA pomwe ntchentche za zipatso m'matumbo mwake muli timadzi togaya tomwe timaiphwanya isanagwire ntchito mokwanira, nde ofufuza akuyesabe kuikuta kapena kuisakaniza mu nyambo kuti ifike mkati ili yamphumphu. Zonsezi zikadali ku ma labotale. Wina akabwera pamsika wa Ulongué kapena pa boda pa Calómuè ndi botolo nkumati awa ndi a majini opha ntchentche za mango, musatulutse metikali yanu.

Panopa zogwirika ndi izi, ndipo yoyamba ndi yaulere koma ndi yomwe anthu amaikana kwambiri kaya chifukwa chani. Tolani zipatso zonse zakugwa, mango, magwafa, mapichesi, malalanje, kawiri pa sabata kapena kuposa. Musazitaye kudzala, kumeneko ndiye mwazipatsa mphutsizo pogona. Zikwirireni m'dzenje lakuya kuposa theka la mita, kapena ziikeni mu jumbo yakuda yosabooka, mangani kukamwa, isiyeni padzuwa masiku angapo mphutsi zipsere momwemo. Ana akatola mango pansi nkuwaona ovunda asangoponya kutchire.

Kenako msampha. Botolo la pulasitiki lamadzi aja, boolani timabowo tingapo cham'mwamba totha kulowa chala, mkati mupachike kathonje konyika mu mankhwala a fungo otchedwa methyl eugenol ndi timadontho ta poizoni, mulikoleke pamthunzi mkati mwa mtengo pafupifupi mamita awiri kuchoka pansi. Fungolo limaitana zamphongo za Bactrocera zokha, Ceratitis cosyra siibwera, nde musadabwe mukaona botolo ladzaza koma mphutsi zikadalipo. Zazikazi zimafuna nyambo ya puloteni chifukwa sizingakhwimitse mazira zisanaidye. Nyambo yosakaniza ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa spinosad, monga yotchedwa GF-120, mumangowaza kachigawo kochepa ka masamba pamtengo uliwonse, kamodzi pa sabata, mvula ikagwa yambiri mubwereze. Yambani zipatso zikadali zaziwisi. Amene muli ndi mitengo yochepa ya mango a mtengo wapatali, kuveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala kumagwiranso, kungoti ndi ntchito.

Ntchentchezi zimauluka, munda wa aneba sizisiya, choncho munthu mmodzi payekha angotopa. Kambiranani pagulu lanu kapena kwa amfumu kuti mudzi onse uzitola tsiku limodzi, ndipo za komwe mungapeze methyl eugenol ndi nyambo yovomerezeka funsani mlangizi wa dera lanu ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi.