Mvula Yagwa, Odwala Khansa Akudukiza Radiotherapy

Chiyambireni mvula yodzalira, mayina angapo m'kaundula wa odwala amene akulandira radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza cha makina, ali ndi mawu amodzimodzi pambali pake: "sanabwere." Ambiri mwa iwo ndi amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, ndipo tikafufuza timamva kuti abwerera kumudzi kukadzala chimanga. Kuti mayi akudera nkhawa munda wake ndikumvetsa. Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti ena mwa ife anamwino tikuwatsanzika ndi mawu akuti, "Pitani mayi, mukabwerako mudzapitiriza pomwe mwalekezera."

Mawu amenewa akuwonongetsa miyoyo. Dokotala amagawa mlingo wa cheza m'magawo ang'onoang'ono, kawirikawiri 25, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata asanu, kenako n'kutsiriza ndi brachytherapy, yomwe ndi kupereka cheza kuchokera mkati mwa thupi pafupi ndi chotupa, ndipo zonsezi zimayenera kutha pasanadutse masabata 8, omwe ndi masiku 56. Masikuwa sanangowaika. Maselo a khansa amene sanafe amayamba kuchulukana mofulumira chithandizo chikafika pakati, kotero tsiku lililonse lopitirira malirewa limachepetsa mwayi wogonjetsa chotupacho ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100. Aliyense awerengere yekha zimene mayi wochoka masabata awiri kapena atatu akutaya. Choipitsitsa n'chakuti khansayo ikabwerera, kuwotchanso pamalo omwewo kumavuta kwambiri, chifukwa chikhodzodzo ndi matumbo zinalandira kale cheza chimene zingapirire. Apa n'kuti nthawi yake ya pamakina yapita pachabe, pamene pali ena amene akudikira pamzere.

Chizolowezi chongolemba "sanabwere" n'kutseka buku tinachitengera ku sikelo ndi ku zipatala zina kumene wodwala akaphonya lero amabwera mwezi wamawa. Kuno sichigwira ntchito, ndipo ndatopa kuchinena pa misonkhano ya m'mawa. Mpaka chaka cha 2024 Mmalawi wofuna chithandizochi ankayenera kupita kunja, monga ku India kapena ku Tanzania, ndipo ochuluka ankamwalira asanapeze mwayiwo. Lero makina tili nawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiye sizoona kuti tiziluza odwala chifukwa choti namwino sanakhale pansi kwa mphindi khumi kufotokoza.

Sabata yachitatu ndiyo yovuta. Magazi amakhala atasiya kutuluka, fungo latha, ndipo wodwala amadziona ngati wachira, komanso ndi nthawi yomweyi pamene kutsegula m'mimba, kutentha pokodza ndi kufooka zimayamba. Masiku apitawa bambo wina, mlimi wochokera cha ku Mchinji, anafika ndi chikwama m'manja kudzatenga mkazi wake. Anati, "Anamwino, feteleza ndagula, mbewu ili m'nyumba, ndipo mayiwa magazi asiya. Akudikiranso chiyani kuno?" Ndinawafunsa chimene chimachitika akapalira theka la munda n'kuusiya masabata awiri mvula ikugwa. Anaseka pang'ono n'kunena kuti udzu umabwerera woposa kale, khasu limachita kulemera. Atatero anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatulutsa foni n'kuimbira mchemwali wawo kuti akathandize kudzala. Mayiwo anatsala, ndipo akupitiriza.

Zoyenera kuchita n'zodziwika kale. Pa tsiku loyamba funsani wodwala ndi gadiyani wake kuti kumunda kwatsala ndani, ndipo muwauze chiwerengero cha masiku onse, osati "mubwere mawa" chabe. Lembani manambala a foni awiri. Wodwala akaphonya, muimbireni tsiku lomwelo ndipo dziwitsani dokotala msanga, popeza pali njira zobwezera magawo ophonyedwa ngati nkhani yadziwika nthawi ikadalipo. Kutsegula m'mimba ndi zilonda za pakhungu zisamalidwe zisanafike pomuthawitsa munthu. Ndipo achibale auzidwe momveka kuti amene wachokera pamakina satenga cheza m'thupi, angathe kudya ndi kugona limodzi ndi ana ake Loweruka ndi Lamlungu, bola Lolemba m'mawa apezeke pamzere.