Kukhwimitsa mbande za paini musanakazioke

Chaka choyamba cha nazale yanga kuno ku Likuni ndidataya mbande za paini zambiri. Zidali zazitali, zobiriwira mosiririka, koma nditakazioka mu Januwale, dzuwa la masiku atatu lokha zidangoti lefu pansi. Ndidazisasatitsa: mthunzi wothithikana, madzi m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo feteleza wa UREA.

Nkhani yagona m'kati mwa tsinde. Mbande ikangomera imaimirira chifukwa cha madzi odzaza m'maselo ake. Makoma a maselowo amakhala opyapyala, ulusi wotchedwa cellulose wogwirana ndi chomata chofewa chotchedwa pectin, kuti azitanuka pokula. Selo ikasiya kutalika imamanga khoma lina lochindikala m'kati, kenaka chinthu cholimba chotchedwa lignin chimalowerera pakati pa ulusiwo n'kulimbitsa, monga dothi lomwe timaphoma pa mitengo ya nyumba. M'thabwa louma la paini, lignin amaposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mbande yokulira pamthunzi ndi nayitrojeni wambiri, monga wa mu UREA, imangothamangira kutalika, kuphomako kumatsalira.

Tsono yambani kukhwimitsa masabata 4 mpaka 6 musanaoke. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, choncho ine ndimayamba kumayambiriro kwa Novembala.

Udzu wa pathandala muziuchotsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi, dzuwa la Novembala ku Lilongwe kuno silinyengerera. Sabata yachitatu ikamatha mbande zikhale pamtetete. Feteleza lekani. Madzi thirirani kamodzi m'mamawa, kenaka muzidumphitsa tsiku, koma mukaona nsonga zikuwerama thirirani msanga. Masabata awiri alionse nyamulani machubu n'kudula mizu yoboola pansi.

Chimene ambiri amachinyozera ndi mphepo. Talikitsani machubu kuti izidutsa pakati. Tsinde logwedezeka limanenepa m'malo mongotalika. Machubuwo aimenso chilili. Paini akapendekeka amapanga thabwa lofiirira, la lignin wochuluka, kumbali yapansi kuti adziwongole, ndipo mbandeyo imatsala ndi kakhota patsinde. Ndimakhumudwa ndikaona machubu atatsamirana ngati matumba a makala.

Poyesa ngati zakhwima, gwirani tsinde pafupi ndi dothi ndi zala ziwiri. Likhale labulauni, lolimba ngati kamtengo ka machesi. Liweramitseni pang'ono n'kulisiya: lokhwima limabwerera lokha. Lomwe likadali lobiriwira ndi lofewa, libwezereni padzuwa sabata ina.