Zilonda za m'mimba: imwani mankhwala onse atatu, masiku onse

Munthu akapezeka ndi zilonda za m'mimba kuchipatala, kawirikawiri amabwerera kunyumba ndi mankhwala amitundu itatu: omeprazole, amoxicillin, ndi wachitatu yemwe amakhala clarithromycin kapena metronidazole, uja ambiri timangomutcha Flagyl. Tikamayendera m'makomo timapeza zimodzimodzi. Wina wamwa masiku anayi, chilungulira chaleka, otsalawo wawasungira tsiku lomwe mimba idzayambirenso. Wina wasiya Flagyl chifukwa akumuwawitsa m'kamwa. Winanso sanapite n'komwe kuchipatala, wangogula makapisozi angapo pagolosale. Onsewa, mosadziwa, akulera kachirombo kamene mawa sikadzamva mankhwala.

Kachiromboko ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, ndi amene anakatulukira mu 1982. Anzawo anakana kukhulupirira kuti m'chifu, momwe muli asidi woopsa, mungakhale chamoyo, mpaka mu 1984 Marshall anamwa dala tizirombo timeneti ndipo anadwaladi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ambiri timakatenga tili ana, kudzera m'kamwa, m'madzi ndi chakudya chosasamalika. Kamabisala m'kachinthu koterera kamene kamakuta khoma la chifu, n'kumatulutsa chinthu chotchedwa ammonia chomwe chimafooketsa asidi pamalo pamene kakhalapo. Anthu ambiri amakhala nako osadwala, koma ena kamawatupitsa chifu n'kuboola zilonda, ndipo kuyambira 1994 bungwe la WHO loona za khansa linakaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mimba.

Kuti mumvetse chifukwa chake timaumirira pa kamwedwe, dziwani mmene amoxicillin amaphera. Bakiteriya aliyense wa mtunduwu ali ndi mpanda wolukanalukana womuzungulira, womwe umamugwira kuti asaphulike. Mpandawu umamangidwa ndi mapuloteni ena amene ali pakhungu la kachiromboko, ndipo akatswiri amawatcha PBP chifukwa penicillin ndi abale ake amakakamira pa iwo. Mapuloteniwa ali ngati amisiri omanga: aliyense ali ndi kamphako komwe amagwirira chomangira chimodzi n'kuchilumikiza ku chinzake. Amoxicillin anapangika mofanana kwambiri ndi chomangiracho. Mmisiri uja akamutola, mankhwalawo amamatirira m'kamphako muja osachokanso, ntchito n'kuima. Kachirombo kakafuna kukula ndi kugawikana, mpanda umang'ambika popanda wousoka, ndipo kamaphulika.

Mfundo yaikulu ili pamenepa. Amoxicillin amagwira kachirombo kamene kali pa ntchito yomanga, ndiye kuti kamene kakuswana. Asidi akachuluka m'chifu, Helicobacter amangokhala phee osaswana, ndipo mankhwala amamudutsa. Omeprazole amachepetsa asidi uja, tizirombo timayamba kuswana, amoxicillin n'kutipeza. Asidi akachepa, clarithromycin nayenso sawonongeka msanga. Choncho amene amamwa makapisozi a amoxicillin okha, kuganiza kuti omeprazole n'ngongoziziritsa pamtima, akutaya mankhwala. Naye womwa omeprazole yekha amapeza bwino kwa kanthawi, koma kachirombo kali momwemo, ndipo zilonda zimabwerera.

Nanga kusamva mankhwala kumabwera bwanji? M'chifu chimodzi muli tizirombo tosawerengeka, ndipo pakati pake pamapezeka tina timene puloteni yake yotchedwa PBP1A yasintha pang'ono kamphako kaja. Imamangabe mpanda, koma amoxicillin saikakamiranso bwino. Mukamwa dozi yokwanira pamodzi ndi mankhwala enawo, timenetinso timafa. Mukamwa theka, kapena modumphadumpha, tofooka timafa, totsalawo n'kudzaza chifu chonse. Kwa Flagyl zinthu zinafika kale poipa. Mankhwalawa amayamba kupha pokhapokha puloteni ya kachirombo komweko, yotchedwa RdxA, itawasandutsa poizoni, ndiye kachirombo kamene puloteniyi yafa kamapulumuka. M'maiko ambiri a mu Africa Helicobacter wosamva Flagyl ndi wochuluka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi chizolowezi chathu chomwa Flagyl mimba ikangotsegula. Mu 2017 WHO inaikanso Helicobacter wosamva clarithromycin pamndandanda wa tizirombo tofunika kutipezera mankhwala atsopano mwachangu.

Ndiye mukalandira mankhwalawa, funsani adokotala kapena wopereka mankhwala kuti muwamwe masiku angati, ndipo mumalize masiku onsewo, omwe nthawi zambiri amafika 14. Amoxicillin wa matendawa kwa munthu wamkulu amakhala 1 gramu kawiri patsiku. Makapisozi akakhala a 500 mg ndi awiri nthawi imodzi, akakhala a 250 mg ndi anayi. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, amaona anayi m'dzanja n'kuganiza kuti kuchipatala alakwitsa, n'kumamwa awiri. Musachepetse nokha, ngati mukukayika, bwererani mukafunse. Omeprazole imwani pafupifupi mphindi 30 musanadye, m'mawa ndi madzulo. Sankhani ola limodzi, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo tcherani alamu pafoni.

Kuwawa m'kamwa, nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono zimachitika, ndipo si zifukwa zosiyira mankhwala. Koma thupi likatuluka zidzolo, milomo kapena nkhope ikatupa, kapena mukamabanika, siyani ndipo thamangirani kuchipatala. Ngati penicillin anakuchitanipo zimenezi kale, nenani musanalandire mankhwala. Mowa ndi Flagyl siziyenderana, ndiye musaulawe mpaka patapita masiku awiri mutamaliza. Fodya amachedwetsa chilonda kupola. Amene mukumwa ma ARV uzani adokotala mtundu wake, chifukwa omeprazole amalepheretsa ena, monga atazanavir, kulowa bwino m'thupi. Amayi oyembekezera nawonso anene.

Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala ochepetsa ululu. Aspirin, Brufen, Indocid ndi diclofenac amaboola chifu paokha, ngakhale popanda kachirombo, koma anthu amawamwa tsiku ndi tsiku pobwera kumunda, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Wodwala zilonda awapewe pokhapokha adokotala atanena.

Si kuwawa kulikonse kwa m'mimba kumene kuli zilonda, n'chifukwa chake makapisozi a mnzanu si anu. Pitani mukapimidwe. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kuwonda kosadziwika bwino kapena chakudya kukanika kutsika, musadikire kuti kuche. Ndipo kumene kuli chipangizo choyezera kachiromboka m'chimbudzi, kayezetseninso patatha milungu inayi mutamaliza mankhwala, mutasiya omeprazole kwa milungu iwiri, kuti zotsatira zake zisakunamizeni.