Batani lowerengera mtengo linaleka kugwira ntchito

Mlamu wanga ali ndi kanyumba ka alendo ku Matawale, ku Zomba, ndipo tsamba lake la pa intaneti ndimalisamalira ndine. Masamba amatuluka okha m'pulogalamu, kenako ndimawadutsitsa mu kaskripiti ka Python komwe kamaika loading="lazy" pa zithunzi zonse kuti bandulo ya anthu isamathe msanga.

Lachiwiri anaimba ali wokwiya: "Alamu, batani lowerengera mtengo wa chipinda lafa."

Ndinayamba kukayikira foni yawo. Inalibe mlandu. Nditatsegula console mu Chrome, pomwe msakatuli amaonetsa zolakwika, ndinapeza SyntaxError, kutanthauza kuti JavaScript yalembedwa molakwika. Mu JavaScript yolembedwa m'kati mwa tsambalo munali mzere woti `masiku < 3 && anthu > 1`, koma utadutsa mu skripiti yanga unasanduka `masiku < 3 && anthu > 1`.

Wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinkawerenga tsamba bwinobwino ndi lxml.html, chida cha Python chowerengera HTML, koma polilembanso ndinkaitana etree.tostring, yomwe ukapanda kuiuza imalemba ngati XML. Kwa XML zizindikiro za `<`, `>` ndi `&` n'zoyenera kubisidwa motero. Koma msakatuli sazibweza zikakhala m'kati mwa script, amazipereka kwa JavaScript momwe zilili.

Ndinangowonjezera method="html" pa etree.tostring basi, batani n'kudzuka.

Panatsala kena kamodzi komwe kanandidyera madzulo onse mpaka chifunga chitaphimba phiri. JavaScript ina ya m'tsambalo inali ndi mawu oti `</script>` m'kati mwa string, ndiye parser, yomwe imawerenga HTML, inkayesa kuti script yathera apo n'kudulira pomwepo, zotsalazo n'kumwazikira patsamba ngati nkhani. Ndinalemba `<\/script>`, kwa JavaScript n'chimodzimodzi. Alamu analonjeza chambo, mpaka lero ndikudikira.