Kalata ya PIP isagone pansi pa mtsamiro

Mlamu wanga wa ku Leeds, ku Britain, anandiimbira pa WhatsApp ndili mumsika wa Mzuzu, usipa uli m'manja. "Alamu, akuti thandizo la aulumali alithetsa." Iye anachita sitiroko, ndipo ndalama ya PIP, thandizo la boma kwa aulumali ndi odwala nthawi yaitali, ndi imene imamulipirira galimoto yopita kuchipatala. Sanalithetse ayi, koma mphekeserayi ili ndi kochokera.

Mu March 2025 boma la Britain linafuna kuti wolandira PIP azipeza mapointi osachepera 4 pa ntchito imodzi yomwe imamuvuta, monga kusamba kapena kuphika. Wotolera 2 apa, 2 apo mpaka kukwana 8 ofunika kuti alandire akanatsala panja. Aphungu ena a Labour, chipani chomwe chinali m'boma, anakaniza, mu July mfundoyo inachotsedwa, ndipo nkhani ya PIP anaisiya m'manja mwa nduna Stephen Timms kuti aiunikenso. Chomwe chinadutsa ndi cha Universal Credit, thandizo la boma kwa opeza ndalama zochepa kapena osagwira ntchito: kuyambira April 2026, ambiri olembetsa kumene gawo la odwala ndalama yawo ya gawolo ndi pafupifupi theka la ya akale. Nthenda imodzi, ndalama zosiyana, chifukwa cha deti basi. Omenyera ufulu sakudandaula chabe. Mu 2016 komiti ya United Nations inapeza kale kuti kudula thandizo kunaphwanya kwambiri ufulu wa aulumali ku UK.

Inu muli kumeneko, yambani ndi viza yanu. Ngati ili ndi lamulo la No Recourse to Public Funds (loletsa kulandira thandizo la boma), monga ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba, PIP ndi Universal Credit si zanu, ndipo kuzilandira kungakuonongereni mapepala. Funsani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, musanalembe fomu, salipiritsa.

Pomwe Amalawi timagwera ndi pa mafunso omwe amafunsa pounika wopempha PIP. Tinaleredwa kuyankha "ndili bwino" ngakhale mwendo ukukana. Mlamu wanga atafunsidwa ngati amatha kuvala yekha anati inde, osanena kuti mabatani a malaya amamangidwa ndi mkazi wake, kapena kuti sokosi imodzi imamudyera mphindi khumi atakhala pabedi. Wofunsayo amalemba zomwe mwanena, osati zomwe mwabisa mwaulemu. Nenani za masiku ovuta, kangati pa sabata, ndani amakugwirani mkono. Lembani m'kope kwa milungu ingapo, musunge makalata a dokotala, ndipo popita tengani munthu wokudziwani.

Akakukanani, muli ndi mwezi umodzi kuchokera pa deti ya kalata kuti mupemphe aunikenso. Akakananso, pali bwalo la apilo loima palokha.

Nanga kubwera kuno kumaliro kapena kudzaona nyumba ikumangidwa ku Chibavi? PIP imapitirira mpaka milungu 13 muli kunja, Universal Credit nthawi zambiri mwezi umodzi wokha. Adziwitseni a ofesi yopereka thandizolo musanakwere ndege. Maliro akwathu timawadziwa: mumati mukhala sabata ziwiri, achibale n'kukusungani mpaka mvula itagwa.