Mwana ankangoloweza, osati kuwerenga

Mwana wa achemwali anga anafika Sitandade 4 asakudziwa kuwerenga. Mukamutsegulira tsamba lomwe aphunzira m'kalasi, ankalakatula bwinobwino, koma mukamulozera liwu limodzi pakati pa chiganizo, ankangoti kakasi.

Aphunzitsi sindiwaimba mlandu. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza. Buku limodzi amagawana ana angapo, ndipo silibwera kunyumba. Mphunzitsi akawerenga, onse amabwereza mokweza, ndiye wosadziwa amabisala m'mawu a anzake mpaka chaka kutha. Kunyumbanso kunalibe chowerenga kupatula Baibulo, ndipo ife akuluakulu maso amangokhala pafoni.

Ndinadula katoni ya sopo n'kulembapo maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu, kenako ovuta aja monga nkha, mphi ndi tsa. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, choncho mwana akagwira maphatikizo, mawu savutanso. Madzulo nsima ili pamoto, ankasanja timakatoni tija kupanga mawu, ine foni nditaisiya kuchipinda.

Koma chomwe chinamukoka kwambiri ndi ntchito yomwe ndinamupatsa. Agogo ake maso anayamba kuwavuta, ndiye iye ndi amene amawawerengera nyimbo za m'buku la kutchalitchi komanso mauthenga a amalume ake a ku Joni. Akalakwitsa nyimbo, agogo amamukonza chifukwa amazidziwa pamtima.

Ndinamulembetsanso ku laibulale ya National Library Service. Pano amabwereka yekha mabuku a nthano, ngakhale a Chingerezi akumuvutabe.